Mfumu Imodzi, Ndalama za Maiko Awiri

M'chaka cha 1852, munthu wina akulima pafupi ndi tauni ya Nizhyn, kumpoto kwa dziko limene lero likutchedwa Ukraine, anafukula tindalama tasiliva pafupifupi 200 timene tinakwiriridwa pamalo amodzi. Sitinali tokongola. Tinali topyapyala, zilembo zake zokhotakhota, zikuonekeratu kuti wosula wake ntchitoyo anali asanaizolowere. Koma pa tambiri mwa tindalamato panali munthu atakhala pampando wachifumu, mtanda uli m'manja, ndipo m'mphepete munali mawu onena kuti Volodymyr ali pampando, siliva uyu ndi wake. Panalinso chizindikiro chooneka ngati mkondo wa mano atatu.

Volodymyr ameneyu analamulira ku Kyiv kuyambira cha m'ma 980 mpaka pamene anamwalira mu 1015. Sanali munthu wofatsa. Makolo ake anali ankhondo ochokera ku Scandinavia, iye anayamba walamulirapo mzinda wa Novgorod, ndipo mpando wa ku Kyiv anaukhalira mbale wake Yaropolk ataphedwa ndi anthu ake a Volodymyr yemweyo. Mu 988 anabatizidwa, nakwatira Anna, mlongo wake wa Basil II, mfumu yaikulu ya ku Constantinople, kenaka analamula kuti anthu ake nawonso alowe m'madzi. Ndalama zija anayamba kusula ubatizowo utachitika, akutengera maonekedwe a ndalama zagolide za alamu ake.

Chodabwitsa n'chakuti amalonda a m'dziko lake sankazifuna kwenikweni. Iwo anazolowera ndalama zasiliva za Aarabu zotchedwa dirham, zimene ankaziyeza pasikelo, nthawi zina n'kuzidula zidutswa kuti kulemera kukwanire. Ndalama zagolide za Volodymyr zimene zinapezekapo ndi 11 zokha. Zasiliva zilipo mazana ochepa, ndipo zambiri mwa izo siliva wake ndi wongopaka dzina, mkuwa ndiwo wachuluka. Patangotha zaka makumi ochepa, ana ake analekeratu kusula. Ndalama zotere si zogulira mchere. Ntchito yake inali kulengeza kuti kunonso kuli mfumu yachikhristu, yosasiyana ndi ya ku Constantinople, ndipo nkhope yake ndi iyi.

Padutsa zaka zoposa 1,000 koma maboma sanasiye khalidwe limeneli. Chasintha n'chakuti mtsogoleri wosankhidwa wa lero, makamaka ku Ulaya, saika nkhope yake pa ndalama. Amakabwereka ya mfumu imene inagona kalekale, ya m'nyengo imene olemba mbiri amaitcha yapakati, kuyambira cha m'ma 500 kufika cha m'ma 1500. Ndipo kachitsulo kakang'ono ngati batani, kakanyamula nkhope yotero, kamatha kukwiyitsa akazembe.

Ndalama zachikumbutso zili mitundu iwiri. Zina zimasulidwa zambirimbiri n'kulowa pamsika, moti munthu atha kulandira imodzi pa chenji osadziwa kuti ili ndi nkhani. Zina ndi zasiliva kapena zagolide, zimasulidwa zochepa, zimaikidwa m'kabokosi pamodzi ndi chikalata, ndipo zimagulitsidwa pamtengo woposa umene walembedwapo. Palibe wogula buledi ndi ndalama yotero ngakhale lamulo litamulola. Zonse ziwiri zimayamba zadutsa m'manja mwa anthu osankha: uyu asankhe dzina, uyu chaka, uyu mawu. Ndipo pa kachitsulopo malo ndi ochepa. Pamakwana dzina, zaka ndi mawu atatu kapena anayi. Wolemba buku la mbiri ali ndi mpata wonena kuti ena amati chakuti, ena amatsutsa. Wosula ndalama mpata umenewo alibe, ndipo boma limene lamutuma siliufuna n'komwe.

Kumene dziko lakhala nthawi yaitali malire ake osagwedezeka, nkhaniyi ndi yamalonda basi. Royal Mint ya ku Britain inatulutsa ndalama ya 50 pence mu 2016 yokumbukira zaka 950 za nkhondo ya ku Hastings, imene Angelezi anagonja kwa William wa ku Normandy. Mu 2017 inatulutsa ya mapaundi 5 ya Canute, munthu wa ku Denmark, ndipo mu 2021 ina ya Alfred. Wolanda dziko, mlendo, mwana wa mwini nthaka, onse m'tibokosi tofanana, ndipo palibe anadandaula. Koma kumene malire akhala akusunthasuntha, kapena dziko linafufutidwapo pamapu, mfumu yakale imasanduka ngati nkhalamba ija amakaitenga panjinga kuti idzachitire umboni pa mlandu wa munda, idzanene kuti amene anayamba kugwetsa mitengo pano ndi agogo a awa.

Achikulire a kwathu amene anagwirapo tiki, sikisi ndi sheleni anagwira kachidutswa ka nyengo imeneyi osadziwa. Kawerengedwe kovuta kaja, kakuti mapeni 12 apange sheleni ndipo masheleni 20 apange paundi, kanakhazikika m'masiku a Charlemagne, mfumu imene inalamulira dera lalikulu la kumadzulo kwa Ulaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 700. Kanazika mizu ku England, kanafika ku Nyasaland ndi atsamunda, n'kudzatha mu 1971 pamene kwacha ndi tambala zinalowa. Mafumu nafenso tili nawo pa ndalama: Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II pa K20 ndi Inkosi ya Makhosi Gomani II pa K50. Koma awa ndi a m'nthawi ya atsamunda, anthu amene anaimapo kutsogolo kwa kamera. Dzina la dziko tinalitenga ku ufumu wa Maravi, koma pa ndalama zimene tikugulira zinthu lero palibepo Kalonga wakale ngakhale mmodzi. Wina anganene kuti n'chifukwa chakuti nkhope zawo palibe akuzidziwa. Anthu a ku Poland vuto limenelo silinawaletse.

Mieszko ndi mkazi wake

Mieszko I ndiye wolamulira woyamba wa Poland amene mbiri yolembedwa imamudziwa bwino. Mu 965 anakwatira Dobrawa, mwana wa wolamulira wa ku Bohemia, mkazi wachikhristu, ndipo mu 966 iye anabatizidwa. Palibe chithunzi chake chimene chinajambulidwa ndi munthu amene anamuona ndi maso. Komabe ana a sukulu ku Poland amakula nkhope yake ili m'mutu. Mwini ntchito imeneyi ndi Jan Matejko, amene pakati pa 1890 ndi 1892 anajambula mndandanda wa mafumu a dzikolo, akupatsa aliyense maso, mphuno ndi zovala monga mmene iye anaganizira. Tayang'anani nthawi imene anachita zimenezi. Kuyambira 1795 mpaka 1918 kunalibe dziko loima palokha lotchedwa Poland. Russia, Prussia ndi Austria anali ataligawana ngati nyama ya pauzimba. Anthu opanda dziko ankafuna makolo oti aziwayang'ana m'maso, ndipo Matejko anawapatsa. Ndalama zamapepala zimene zinatuluka mu 1995, zojambulidwa ndi Andrzej Heidrich, zimatsata mzere wa mafumu womwewo: Mieszko pa 10 złoty, mwana wake Bolesław pa 20, Kazimierz pa 50, Jagiełło pa 100. Nkhope ya Mieszko pamenepo nayonso inachokera m'mutu mwa wojambula.

Chaka cha 1966 chinafika boma lili m'manja mwa chipani cha chikomyunizimu chotsogozedwa ndi Władysław Gomułka. Chiphunzitso cha chipanicho chinali chakuti mafumu ankadyera anthu wamba masuku pamutu, ndipo chipembedzo n'chogonetsa anthu tulo. Koma zaka 1,000 sizingadutse ng'oma osalira. Mpingo wa Katolika, motsogozedwa ndi Kadinala Stefan Wyszyński, unakhala zaka 9 ukukonzekera kukondwerera ubatizo wa fuko lonse. Boma linati ayi, chimene tikukumbukira ndi zaka 1,000 za dziko la Poland, osati za mpingo. Linamanga masukulu oposa 1,000 ngati chikumbutso chake. Linakana kuti Papa Paul VI alowe m'dzikomo, moti pa mwambo waukulu wa pa 3 Meyi ku malo opatulika a Jasna Góra mpando umene anamukonzera unakhala wopanda munthu. Chithunzi cha Maria chimene chinkayendera maparishi, akuluakulu a boma anachigwira n'kuchiletsa kuyenda, ndipo akhristu anapitiriza ulendowo atanyamula felemu yopanda kanthu.

M'kati mwa mkokemkoke umenewu munatuluka ndalama yasiliva ya 100 złoty, ili ndi Mieszko ndi mkazi wake. Mawu ake akunena za zaka 1,000 za dziko, za ubatizo palibe liwu. Kuseri kwake kuli chiwombankhanga cha Poland chopanda chisoti chachifumu, chifukwa achikomyunizimu anali atachivula, ndipo chinadzavekedwanso ulamuliro wawo utagwa. Ndalama yolemekeza wolamulira wakale, mbalame yake ili mutu pamtunda! Komabe mkazi uja analipo pambali pa mwamuna wake, ndipo aliyense woigwira ankadziwa chimene iye anabwera nacho kuchokera ku Bohemia.

Nanga achikomyunizimu ankamufuniranji Mieszko? Yankho lili pamapu. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, Poland inakankhidwira kumadzulo. Madera ake a kum'mawa anatengedwa ndi Soviet Union, ndipo iyo inapatsidwa madera amene anali a Germany, kuphatikizapo mizinda ya Wrocław ndi Szczecin, imene Ajeremani ankaitcha Breslau ndi Stettin. Ajeremani mamiliyoni anasamutsidwa. Zinangochitika kuti dziko la Mieszko ndi mwana wake linkafanana kwambiri ndi malire atsopanowa. Boma linayamba kutcha maderawo kuti malo obwezedwa, ndipo Mieszko ndiye anali nkhalamba yapanjinga ija. Patapita zaka 50 chichokere 1966, mu 2016, banki yaikulu ya Poland inatulutsa ndalama yapepala yachikumbutso ya 20 złoty. Anthu ake ndi omwewo, Mieszko ndi Dobrawa, koma ulendo uno mawu ake akunena za ubatizo mosapsatira. Banjalo silinasinthe. Anasintha ndi amene analiitana.

Dziko lachinyamata likamafuna agogo

Slovakia inakhala dziko palokha pa 1 Januwale 1993, itasiyana mwamtendere ndi Czech Republic. Kwa zaka pafupifupi 900, kufikira 1918, dera lake linali mbali ya ufumu wa Hungary. Ngakhale malo amene amasulirako ndalama mpaka lero, ku Kremnica, anakhazikitsidwa mu 1328 ndi Charles Robert, mfumu ya Hungary. Kuti apeze wolamulira woti n'kumutcha wawo, anthu a ku Slovakia ayenera kulumpha zaka zonsezo n'kukatera m'ma 800, ku ufumu wa Great Moravia, kwa Pribina wa ku Nitra, kwa Rastislav ndi kwa Svätopluk. Pribina anamuika pa ndalama yapepala ya 20 koruna, ndipo mu 2011 anamusulira yagolide ya 100 euro.

Svätopluk ndiye anabweretsa phokoso. Mu Juni 2010, kutatsala masiku ochepa kuti anthu akavote, boma la Robert Fico linavundukula chiboliboli chake atakwera kavalo, pabwalo la nyumba yachifumu ya ku Bratislava. Pansi pake panalembedwa kuti iye anali mfumu ya Asilovaki akale. Akatswiri ambiri a mbiri anakana. Anati m'zaka za m'ma 800 kunalibe anthu odzitcha dzina limenelo, ndipo Moravia yeniyeniyo lero ili ku Czech Republic, kumene nawonso amati ufumuwo ndi wa makolo awo. Boma litasintha, mawu aja anachotsedwa. Kavalo ndi womukwera alipobe.

Patangotha zaka ziwiri kunabuka nkhani ina, ya kandalama ka 2 euro. Dziko lililonse logwiritsa ntchito euro limaloledwa kutulutsa ndalama zachikumbutso za 2 euro ziwiri pachaka. Popeza ndalamazo zimayenda m'maiko onse a euro, chithunzi chake chimayamba chaonetsedwa kwa anzawo, ndipo amene akuona kuti chikhumudwitsa anthu ake ali ndi ufulu wokana. Slovakia inafuna kukumbukira zaka 1,150 chifikire Cyril ndi Methodius, abale awiri a ku Thessaloniki amene anabwera mu 863 ataitanitsidwa ndi Rastislav, n'kukonza zilembo zoti chilankhulo cha anthu a kumeneko chizilembedwa. Wojambula anawaika monga mmene oyera mtima amajambulidwira, kuwala kutazungulira mitu yawo, timitanda tili pa zovala. Maiko ena atadandaula, akuluakulu a European Union ku Brussels anapempha mu 2012 kuti zimenezo zichotsedwe, ati ndalama ya onse isakondere chipembedzo. Mabishopu ndi anthu ambiri anakwiya, banki yaikulu ya Slovakia inabwerera ku chithunzi choyamba chija, ndipo ndalamayo inatuluka mu Julayi 2013 kuwala kwake kuli pomwepo.

Ine ndimaona kuti odandaulawo anaphonya. Ukavomera kuika amishonale pa ndalama, wavomera kale mtanda, ndipo kuwavula zizindikiro zawo n'kunamiza wowayang'ana. Koma lamulo lokanira lija lili ndi mano ndithu. Mu 2015 Belgium inali itasula kale ndalama za 2 euro pafupifupi 180,000 zokumbukira nkhondo ya ku Waterloo, kumene Napoleon anagonja, pamene France inakana. Zonsezo zinalephereka kutuluka. Anthu a ku Belgium, mochenjera, anangosula ina ya 2.50 euro, popeza ndalama ya mtengo wachilendo chotere imagwira ntchito m'dziko la eni ake okha ndipo safunika kupempha aliyense.

Ku Lithuania nkhani yofunafuna agogo ndi yomweyo. Mu 1936 anaika Vytautas pa ndalama yasiliva ya 10 litai, ndipo mu 2003 anasula yokumbukira zaka 750 chivekedwere chisoti Mindaugas, amene analongedwa ufumu mu 1253. Koma dziko la Vytautas linali lalikulu kwambiri, ndipo ambiri mwa anthu ake anali makolo a anthu a ku Belarus ndi Ukraine. Msilikali wapakavalo amene ali pa ndalama za euro za Lithuania ali ndi mnzake wofanana naye ku Belarus, amene anali chizindikiro cha boma kuyambira 1991 mpaka 1995, ndipo lero amanyamulidwa ndi otsutsa ulamuliro wa Alexander Lukashenko.

Kubwerera ku Kyiv

Dziko la Volodymyr linkatchedwa Rus. Litagawikana, ndipo ankhondo a ku Mongolia atawononga Kyiv mu 1240, zidutswa zake zinayenda njira zosiyana kwa zaka mazana ambiri. Ukraine, Belarus ndi Russia onse amaloza kumeneko akafunsidwa kwawo. Kwathu mfumu ikamwalira timadziwa mmene zimakhalira: a kubanja ili akuti dzina ndi lathu, a kubanja ilo akuti mayi wa mzere umenewu anali wathu, ndipo aliyense ali ndi nkhalamba yake yodziwa mbiri. Kusiyana kwake n'kwakuti mlandu uwu wazengedwa mwini wake atagona zaka 1,000, ndipo ozenga ake ali ndi mabanki ndi akasinja.

Ukraine inayamba ndiyo kutola tindalama tija. Mu 1918, ufumu wa Russia utagwa, boma latsopano la ku Kyiv linatenga mkondo wa mano atatu wa pa ndalama za Volodymyr kukhala chizindikiro cha dziko, ndipo mmodzi mwa olimbikitsa zimenezi anali katswiri wa mbiri Mykhailo Hrushevsky. Ndalama yawo anaitcha hryvnia, dzina la mipiringidzo yasiliva imene anthu a ku Rus ankayezera chuma. Bomalo silinakhalitse, ndipo m'nthawi ya Soviet Union chizindikirocho chinali choletsedwa. Pa 19 Febuluwale 1992 nyumba ya malamulo ya Ukraine yodziimira inachibwezeretsa, ndipo mu Sepitembala 1996 hryvnia inayambanso kuyenda. Pa 1 hryvnia anaikapo Volodymyr, pa 2 hryvnia mwana wake Yaroslav. Kuika kholo la dziko pa ndalama yotsika kwambiri si kulinyoza. Ndalama yaikulu amaiona ndi ochepa, pamene yaing'ono imadutsa m'manja mwa mwana wotumidwa kugolosale ndi mwa gogo wogulitsa masamba. Kuyambira 2004 Volodymyr analowanso pa yachitsulo, ndipo mu 2018 bambo ndi mwana onse anasulidwa pa tindalama tatsopano tating'ono.

Kuseri kwa pepala la 1 hryvnia la 1996 kunali mabwinja a Chersonesus, mzinda wakale wa ku Crimea kumene mbiri yolembedwa ya ku Rus imati Volodymyr anabatizidwira. Mu 2014 Russia inalanda Crimea, ndipo Vladimir Putin polankhula kwa anthu ake anatchula malo omwewo ngati opatulika kwa dziko lake. Zotsatira zake zinabwera motsatizana. Mu 2015, pokwanitsa zaka 1,000 chimwalirire mfumuyo, banki yaikulu ya Russia inatulutsa ndalama zachikumbutso zasiliva ndi zagolide za Vladimir, monga iwo amamutchulira, wobatiza Rus. Pa 4 Novembala 2016 chiboliboli chake chotalika mamita oposa 17 chinavundukulidwa pafupi ndi Kremlin. Mu 2017 kunatuluka pepala la 200 rouble lili ndi mabwinja a Chersonesus omwe aja, ndipo banki yaikulu ya Ukraine inaletsa mabanki a m'dzikomo kulilandira. Bwinja limodzi, ndalama ziwiri.

Anthu a ku Kyiv amaseka chiboliboli cha ku Moscow, ndipo ali ndi chifukwa. Dzina la Moscow limayamba kuoneka m'zolembedwa mu 1147, patatha zaka 132 Volodymyr atamwalira. Munthuyo sanaupondepo mzindawo, pamene ku Kyiv chiboliboli chake chaima pamtunda woyang'ana mtsinje wa Dnipro kuyambira 1853. Koma nawonso a ku Ukraine mbiri siiwakomera ponseponse. Novgorod, kumene iye anayambira kulamulira, ili ku Russia, ndipo liwu lakuti Ukraine limayamba kupezeka m'zolembedwa mu 1187. Akanadzuka lero n'kufunsidwa kuti kodi ndinu wa ku Ukraine kapena wa ku Russia, funsolo sakanalimva. Akanatchula dzina la bambo wake Sviatoslav ndi la agogo ake Olha, basi.

Ngakhale ndevu zake zalowa m'mlandumu. Pa ndalama zimene iye mwini anasulitsa amaoneka ndi ndevu zazitali zapamlomo, chibwano chili chometa. Pepala la 1 hryvnia limene linatuluka m'zaka za m'ma 2000 linamujambula chimodzimodzi, ndipo maonekedwe amenewo amakumbutsa munthu wa ku Ukraine za ankhondo a Cossack, amene anadzakhalako zaka mazana ambiri pambuyo pake. Wa ku Moscow uja ali ndi ndevu zonse, ngati oyera mtima a pa zithunzi za m'tchalitchi. Ometa ndi osameta onse akumukokera kwawo. Ndipo ngati kuti mbiri ikuchita nthabwala, atsogoleri awiri amene maiko awo akhala pankhondo yaikulu kuyambira Febuluwale 2022, Vladimir Putin ndi Volodymyr Zelensky, onse dzina lawo ndi la munthu yemweyu.

Pano pakufunika kunena mosazungulira. Mu Julayi 2021 Putin analemba nkhani yaitali yonena kuti anthu a ku Russia ndi a ku Ukraine ndi mtundu umodzi, poyambira pake pali Rus yemweyu, ndipo pasanathe chaka asilikali ake anali panjira ya ku Kyiv. Zoti magazi ndi amodzi palibe akukana kwenikweni. Koma kubadwa kwa agogo mmodzi sikupatsa munthu ufulu wokakolola m'munda wa msuweni wake, ndipo bwalo lililonse la mfumu kwathu lingamuuze zimenezo. Ndalama ya Ukraine ikunena kuti ifenso tinalipo. Ya Russia, pa nthawi imene inatuluka ndi malo amene inajambula, ikunena kuti kumeneko n'kwathu. Mawu awiriwa kulemera kwake n'kosiyana, ngakhale onse anadindidwa pa chitsulo ndi papepala mofanana.

Yaroslav, mwana uja, nayenso ali mbali zonse ziwiri. Analamulira ku Kyiv kuyambira 1019 mpaka 1054, dzina lake n'losalekana ndi tchalitchi chachikulu cha Sophia ndi malamulo oyamba olembedwa a ku Rus, ndipo ana ake aakazi anakwatiwa m'nyumba zachifumu za kutali, mmodzi wa iwo, Anna, kwa Henry I wa ku France. Ku Ukraine ali pa 2 hryvnia. Ku Russia chiboliboli chake cha mu mzinda wa Yaroslavl, umene amati anauyambitsa ndi iye, chinajambulidwa pa pepala la 1,000 rouble. Mosiyana ndi Mieszko, iyeyu nkhope yake ili ndi pogwira. Mu 1939 bokosi lake lamwala la m'tchalitchi cha Sophia linatsegulidwa, mafupa anatengeredwa ku Leningrad, ndipo katswiri wina, Mikhail Gerasimov, anaumba nkhope potsata chibade. Mafupawo anasonyezanso kuti mwini wake ankatsimphina, monga zolembedwa zakale zimanenera.

Mu 2009 akatswiri a ku Kyiv anatsegulanso bokosilo kuti ayeze mafupawo ndi zipangizo zamakono. A Yaroslav munalibe. Ena amakhulupirira kuti anatengedwa ndi anthu othawa nkhondo mu 1943 n'kukafika nawo ku United States. M'bokosimo anapezamo mafupa a munthu wamkazi, ndi manyuzipepala a Pravda ndi Izvestia a chaka cha 1964.